Ndinatuma Mbalame kwa Apongozi

Ine kwathu ku Dowa anthu sankafunsa kuti ndili kuti, ankangotchera khutu. Ndikaitana mwana wanga ndili kudimba, ana a eni ake atatu ankayankha. Kumaliro woyambitsa nyimbo ndinali ine, kuchigayo wokonza mzere ndinali ine. Malemu amuna anga ankati, "Iwe, ukamanong'ona m'pamene umalankhula ngati anthu ena onse." Pakamwa pamenepa ndi pomwe ndinakwera napo ndege mwana wanga wamkazi atachira mwana wake woyamba ku Amereka. Ndipo kumeneko, ine mwini pakamwa, ndinatsala pang'ono kusanduka wosalankhula chifukwa cha nkhuku imodzi.

Mumve bwino. Kwathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana kumaso. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Sudya iye akuona, sukhala naye pamphasa imodzi, sumulankhula mwachindunji. Si udani ayi, ndi ulemu. Zimatha mwana akabadwa. Mkamwini amagwira nkhuku, nkhoswe imabwera, nkhuku ija iphedwa, mudya mbale imodzi, basi mwamasukirana. Koma woyamba ndi mkamwini. Mpongozi wamkazi sapempha nkhuku.

Ukwati wawo unachitikira konko, ankhoswe anakambirana pafoni, ndiye ine mkamwiniyo, apongozi angawo, ndinali ndisanakumanepo nawo. Nditangotsika ndege ndikuona chimunthu chachitali chikubwera, manja chitatambasula ngati khwangwala akuumitsa mapiko, chimvekere, "Amayi, takulandirani." Ine msangamsanga kutembenukira kukhoma, chitenje kumutu. Bambo aja anatsala manja ali m'malere.

Mwana wanga kundikoka. Amvekere, "Amayi, mukutichititsa manyazi. Kuno zimenezo kulibe."

Ine ndimvekere, "Mwana wabadwa. Nkhuku ili kuti?"

"Nkhuku yanji?"

"Waiwala kwanu iwe? Ukawauze amuna akowo."

"Chabwino, ndiwauza, tiyeni kaye tikwere galimoto."

Tinayamba kukhala ku South Bend, ndipo kumeneko sikunandivute kwenikweni. Apongozi ankalawira kusukulu yawo yaukachenjede, kubwera dzuwa litapendeka. Mwana wanga ndi nesi, nayenso ankachoka. Nyumba yonse inali yanga ndi kamdzukulu kanga kakakazi. Ndinkakayimbira, kukauza milandu yonse ya m'mudzi mwathu, wakuti anaba mbuzi, wakuti anathawa ndi mkazi wa mwini. Ndikamva kiyi pachitseko ndinkalowa kuchipinda, basi.

Tsiku lina ndinafunsa mwana wanga kuti kodi bambowa akuphunzira chiyani, udokotala kapena. Iye akuti mbalame. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Munthu wamkulu kuwoloka nyanja zonsezo kudzaphunzira mbalame, komanso zosadyedwa n'komwe.

Ndiye Loweruka lina anati tikazione. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa mpando wawo kuti maso athu asakumane pakagalasi kaja. Ine wa ku Dowa nyanja ya kwathu sindinaiponyepo maso, yoyamba kuona inali imeneyi, ya azungu, yozizira, yotuwa ngati phulusa. Kutali uko pakati pa madzi panali chinsanja chachitsulo, miyendo yake yozikika m'madzimo. Akuti kale pankayaka nyali yolondolera sitima, pano anachisiya, chikungochita dzimbiri. Pamwamba pake mbuu, mbalame zoyera, kukuwa kwake kumamveka mpaka kumtunda.

Ndinafunsa mwana wanga kuti, "Nkhunda zimenezi zasowa mitengo?"

Apongozi kuyankhira kwa mkazi wawo, "Awuze kuti si nkhunda. Zimaikira pamiyala ya pazilumba, koma pachitsulo paja zapaona kuti sipafika galu, sipafika munthu."

Ine chamumtima ndinati, nanga ana ake akafuna kuyenda amapita kuti? Kwina madzi, kwina madzi.

Chisanu chitatha mwana wanga anapeza ntchito pachipatala china chachikulu ku Indianapolis, ndiye tinasamuka. Tinalowa m'nyumba zosanjikizana chakufupi ndi msewu wa Lafayette, ife pamwamba pachitatu. Zipinda ziwiri, pabalaza, kakhitchini kolumikizana ndi pabalaza pomwepo, popanda chitseko. Apa m'pamene zinandithina. Apongozi maphunziro a m'kalasi anali atatha, inatsala ntchito yolemba. Pachinsanja paja anali atamangirira kamera, ndiye mbalame zonse zija zinkaoneka pachikompyuta chachikulu pabalaza. Iwo kukhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Osachoka.

Ine ndilowere kuti? Panja sindingatuluke ndekha. Kulibe njira ya wapansi yoti munthu ungaitsate, ndi magalimoto okhaokha, ndipo basi ndikaikwera ndikatsikira kuti, ine chizungu changa chothera pa moni? Kukhitchini sindingapite iwo ali pabalaza. Ndinkadikira alowe kubafa, ine waliwali kukatenga madzi ndi buledi, kubwerera. Windo la chipinda changa linkayang'ana poimika magalimoto, ndipo linkatseguka kampata kolowa dzanja basi. Mwezi umenewo cha ku Speedway magalimoto a mpikisano ankalira tsiku lonse ngati njuchi zalowa m'chitini. Kunja njuchi, pabalaza mbalame kwee kwee, ine pakati duu.

Chitseko ndinkachisiya chotsekula pang'ono, kampata ka diso limodzi. Pakampatapo ndinkaona msana wa apongozi ndi chikompyuta chija. Poyamba ndinkayang'ana chifukwa chosowa chochita. Kenako ndinayamba kuzidziwa mbalamezo. Panali ina ya kachibangiri kofiira kumwendo, imene inamanga chisa pangodya pafupi ndi makwerero, chisa chake cha udzu ndi zingwe ndi timapepala ta pulasitiki. Pambali pake panali ina yamwano, yosafuna mnzake adutse. Imeneyo ndinaitcha amake chipongwe. Ine nkhuku ndaweta moyo wanga wonse, ndiye ndikaona mbalame ikukhalira mazira ndimadziwa zomwe ikuganiza.

Tsiku lina ndinaona yachibangiri ija ikukankhira dzira limodzi kunja kwa chisa. Apongozi kudandaula okha, "Bwanji kodi, bwanji kodi." Pakamwa panandiyabwa. Ndinayang'ana kamdzukulu kanga, kali ndi miyezi isanu ndi itatu, kakuyamwa chala chakuphazi. Ndinakakhazika pakhomo paja n'kukweza mawu.

"Iwe, kawauze abambo ako kuti dziralo lasukusa. Make walimva kuti mulibe kanthu. Asadandaule, awiri otsalawo aswa."

Kenako ndikumva akukonza kukhosi.

"Mwanawe, uwafunse agogo ako kuti adziwa bwanji."

"Uwauze kuti ine sukulu yanga inali m'khola."

Anaseka. Kamwana kaja kanangoti bwaa, dovu chuu. Kuyambira tsiku limenelo kanasanduka mthenga. M'mawa ndinkakaika pakhomo, "Kawafunse abambo ako ngati adzuka bwino." Iwo, "Uwauze agogo kuti tadzuka, kaya iwo. Uwauzenso kuti tiyi ali m'fulasiki, ine ndikulowa kubafa, ndichedwako." Mwaulemu ndithu bambo aja. Ndinkawauza za nkhuku zanga, za chiwombankhanga chimene chinandilanda anapiye asanu ndi awiri, za mmene thadzi limasinthira kulira likaona mthunzi. Iwo ankandiuza kuti mbalame zimenezi chisanu chikafika zimapita kutali, koma zimabwerera pangodya yomweyo. Zonsezi kudzera mwa munthu wopanda ndi dzino lomwe. Anapiye awiri aja ataswa, timadonthomadontho ngati mazira a nkhwali, ndinalulutira kuchipinda mpaka wa nyumba yapansi anagogoda denga lake ndi tsache.

Nkhani ya nkhuku yokha sindinkaitchula. Imeneyo sungatume ngakhale khanda. Ndinkangoti bambowa anauzidwa, akudziwa, koma akuona ngati mwambo wa anthu osaphunzira. Ndinkadikira.

Ndiye madzulo ena mwana wanga analowa kuchipinda kwanga atavala zakuntchito, n'kukhala pabedi.

"Amayi, mwanayu tamubukitsa ku deyikeya. Ayamba Lolemba."

"Kumeneko n'kuti?"

"Kosungira ana masana. Akufunika azisewera ndi anzake. Tsiku lonse akungokhala m'kachipinda muno ndi inu, sakukwawa n'komwe bwinobwino, akwawira kuti?"

"Nanga ine ndizilankhula ndi ndani?"

"Pabalaza pali munthu, Amayi. Tulukani. Palibe wakutsekerani."

"Nkhuku ija unawauza?"

Anayang'ana foni yake. "Amayi, musandisitirese, ndachokera ku shifiti yaitali. Nkhuku zadzaza mufiriji umo."

Ndinafuna kukalipa, koma anali atatopa zoona, maso ali psuu, ndiye ndinameza.

Lolemba mwana wanga anakanyamula kamwanako. Ndinamva chitseko chakunja chikutsekeka, apongozi akukoka mpando wawo. Ndinakhala pabedi. Ndinapinda zovala zopindapinda kale. Ndinayesa kuyimba chapansipansi, nyimbo inakana. Moni wa m'mawa sanaperekedwe chifukwa wonyamula panalibe. Tsiku loyamba linatha choncho, lachiwiri chimodzimodzi. Madzulo kamwana kankabwera katatopa, kongofuna bere ndi tulo. Lachitatu ndinadzimva ndikulankhula ndi nsapato zanga. Ndinati ine ndikakhala chonchi mwezi umodzi adzanditengera kwathu ndili wamisala, kapena ndili m'bokosi.

Lachinayi chakumasana kunyanja kuja kunali mphepo. Ndinali pakampata panga. Apongozi anali kukhitchini akukazinga mazira, msana kuchikompyuta. Yachibangiri inali itapita kukasaka chakudya, anapiye ake awiri atatsala okha. Anali atakulako, akuyendayenda, koma mapiko akadali aubweya. Kamodzi kanasochera n'kuponda m'dera la amake chipongwe. Mayi uja kukajompha pamutu. Iko kuthawa, iye kukatsata, kukajomphanso. Kumene kankathawira kunali kumphepete, kumene chitsulo chimathera.

Ndinayang'ana pansi pakhomo paja mwachizolowezi. Panalibe mwana. Ndinatsekula chitseko chonse, maso anga pachikompyuta, n'kukuwira mbalame yomwe ija yamwano.

"Iwe mayi wopanda chisoni, auze apongozi anga atembenuke. Ukupha mwana wa mnzako iwo akukazinga mazira."

Ndinamva supuni ikugwa. Anathamangira pampando wawo. Tonse tinaona kamwanapiye kaja kakubwerera chambuyo, phazi limodzi m'malere, kenako panalibe kanthu. Pansi pake kamera inkaonetsa madzi pang'ono. Kanaoneka kakuyandama ngati kachitsononkho ka chimanga, kakupalasa kulunjika ku mwendo wa chinsanja, koma chitsulo chosalala chikwereka bwanji? Funde linakakankhira kumbali, kanatuluka m'chithunzi.

Ine ndili chiimire pakhomo, nkhope ndalozetsa kuchikompyuta. Ndinati, "Mbalame iwe, auze aimbe foni. Kulibe wa bwato kumeneko?"

Iwo nawonso analankhula ndi chikompyuta. "Mbalame, uwauze amayi kuti n'kutali, ndipo ndi mphepo imeneyi palibe angapalase. Komanso sitiloledwa kulowerera. Ntchito yanga ndi kuona n'kulemba."

Anatenga cholembera ndithu n'kulemba. Apo ndiye zinandikwera.

"Mbalame, uwafunse. Iwo kuona n'kulemba basi? Kanthu kakuvutika pamaso pawo, iwo kuona n'kulemba? Nanga chitseko ichi achiona miyezi ingati? Alemba mabuku angati a chitseko chimenechi?"

Anaika cholembera pansi. Mazira kukhitchini anayamba kununkha kupserera, palibe anasuntha.

"Mbalame," anatero chapansipansi, "uwauze amayi kuti chitsekocho ndimachiona tsiku lililonse. Ndimadziwa kuti sandifuna. Mwana wawo akugwira ntchito usana wonse, ine mwamuna ndili pampando kuonerera mbalame. Mayi aliyense zingamunyanse. Ndimangoti ndimalize msanga, mwina adzandiyang'ana."

Ndinagwira chitseko. Munthu uja miyezi yonseyi ankaganiza kuti ndimamuda.

"Mbalame, uwafunse kwawo n'kuti."

"Ndinabadwira ku Blantyre, ndinakulira komweko. Kumudzi ndinapitako kawiri, kumaliro."

"Uwafunse ngati mkazi wawo anawauzapo za nkhuku."

"Nkhuku iti?"

Apa ndinaima. Mpongozi sapempha nkhuku. Koma ndinaganiza kuti ine sindikupempha, ndikucheza ndi mbalame, ndipo mbalame ndi nkhuku ndi pachibale. Ndiye ndinaifotokozera mbalame ija zonse, kuyambira kupatukirana panjira mpaka mbale imodzi. Ndinaiuza kuti kwathu mkamwini amene umamuthawa ndi amene umamulemekeza, wachabechabe umangomudutsa ngati chitsa. Amake chipongwe anali atakhala pachisa chawo akudzikonza nthenga, osalabadira.

Apongozi anapumira m'mwamba. "Ndiye nkhuku yokha basi?"

"Mbalame, uwauze kuti si yokha basi. Ndi nkhuku."

Anaimirira, ndikumva firiji ikutseguka.

"Uwauze abweze chimwala chimenecho. Nkhuku yopanda mutu, yosadziwika anapha ndani, imasula ndani? Ikhale yamoyo, yolira."

"Mbalame, uwafunse amayi kuti yamoyo ndikaipeza kuti mumzinda muno."

"Uwauze kuti munthu amene anapeza nkhunda pakati pa nyanja sangasowe nkhuku pamtunda."

Nthawi yomweyo yachibangiri inatera pangodya pake, kukhosi kuli tololo ndi chakudya. Kotsala kaja kanathamangira kukamwa kwake. Iyo inadyetsa, kenako inayamba kuzungulira chisa ikuitana, kuyang'ana kuseri kwa makwerero, kuitananso. Inaitana mpaka madzulo. Ine ndinabwerera kuchipinda, koma chitseko sindinatseke.

Madzulo amenewo ndinamva mwana wanga akufunsidwa kuchipinda kwawo. Mawu onse sindinawamve, ndinangomva iye akuti, "Ndimaona ngati atopa nazo okha," ndi bambo aja akuti, "Miyezi yonseyi, iwe?" Kutacha mwana wangayo anandibweretsera tiyi pabedi, chinthu chimene sanachitepo. Sindinamunene. Ndinangomufunsa ngati shuga wathira.

Sabata yotsatira apongozi anapita ku South Bend kukaonana ndi aphunzitsi awo. Masiku awiri amenewo ndinayenda m'nyumba monse ngati mwini, koma wolankhula naye panalibe, chikompyuta anali atathimitsa. Anabwera Loweruka m'mawa ndi katoni yobowolabowola. Akuti anapatukira kumafamu a anthu ena oyenda pangolo za akavalo. M'katonimo munali tambala wofiira, wa lipombo logwera mbali, wolemera ngati mwana. Analira kamodzi pamakwerero, mwana wanga n'kutuluka akuthamanga.

"Mukufuna atithamangitse m'nyumba muno? Ziweto saloleza. Ndipo mumuphera pati, pakapeti?"

Ine kuchokera kuchipinda, "Kubafa kuli ngalande."

Nkhoswe inali mchimwene wanga wa ku Dowa. Tinamuimbira pafoni ya zithunzi dzuwa lili pamutu, kwathu kukuyamba kuda, foni tinaitsamiritsa pachitini cha shuga. Iye amvekere, "Ndikuona denga lokhalokha." Titakonza, amvekere, "Tambalayo ndiye wabwino, koma mkamwiniyo anagwirapo mpeni?" Anali asanagwirepo. Analowa kubafa ndi tambala uja, ine ndikulangiza kuseri kwa chitseko kudzera mwa achimwene pafoni, achimwene nawo mawu akudukaduka. "Auzeni aponde mapiko." "Akuti chiyani?" "Mapiko, aponde." Tinamva phiriphiri, chidebe kugwa, bambo aja kuitana dzina la Mulungu, kenako bata. Anatuluka magalasi ali ndi madontho, malaya osaoneka bwino. Achimwene anaseka mpaka foni yawo inagwa.

Ndinaphika ndekha, iwo atakhala kuchipinda kwawo. Nditatha ndinayala chitenje pansi pabalaza, mbale imodzi pakati. Achimwene analankhula mawu awo, kuti mwana wabadwa, banja lakhazikika, awa ndi mayi ako, uyu ndi mwana wanu, kuthawana kwatha. Mawu ena anadukira m'njira koma tinamva. Apongozi anakhala pansi, miyendo yaitali ija akusowa poiika. Anatenga nthutumba n'kuiika mbali yanga. Ndinanyema, ndinadya. Iwonso anadya.

Mwana wanga amvekere, "Eya, Amayi, lankhulanitu. Si mumafuna kulankhula?"

Ndinakweza maso pang'onopang'ono. Chibwano, ndevu zochepa, magalasi. Anali mwana ndithu, wamng'ono kuposa mmene mawu ake ankamvekera, maso ofatsa, akutuluka thukuta pamphuno. Mawu onse amene ndinasunga miyezi imeneyo, milandu, malangizo, madandaulo, sindinawapeze. Kamdzukulu kanali pamiyendo pawo kakulimbana ndi fupa. Ndinayang'ana iko, ndinayang'ana iwo.

Ndinati, "Bambo, makutu aakuluwa mwanayu anatengera inu. Ine ndimanamizira malemu amuna anga."

Iwo anagwira khutu lawo, n'kunena kuti, "Pepani, Amayi."

"Musapepese, akula nawo. Sunthani mbaleyo kuno, mukudya ngati mlendo."